"Zatayika" kapena "Ndataya"? Mawu amene timadziuza tisanachite chinthu

 

Alembi atandiuza kuti Loweruka lino woyankhula ndine, ndipo mutu wake ndi wa mmene maganizo a munthu amagwirira ntchito, ndinayamba ndaseka. Ine amene Bayoloje ndinadutsa ndi 6 wochita kukankha? Koma usiku womwewo ndinakumbukira kuti ndili ndi nkhani imene ena mwa inu munangoimvera m'mphepete, ena simunaimve n'komwe. Ndiyamba ndi imeneyo, chifukwa zonse zimene ndawerenga pa mutu umenewu ndinayamba kuzifufuza nditagwa kale m'mbuna.

Munali mu Novembala 2024, patangopita miyezi yochepa chilembereni mayeso a Fomu 4. Amayi anali m'kaundula wa feteleza wotsika mtengo uja wa AIP, thumba limodzi K15,000. Anagulitsa mtedza wawo ndi nkhuku ziwiri mpaka K30,000 inakwana, ya matumba awiri, wokulitsa ndi wobereketsa. Tsono feteleza anali asanafike ku depoti. Amayi anandiitana n'kunena kuti, "Bambo, ndalamazi undisungire mu foni yakoyo. M'nyumba muno ndalama zimamera miyendo." Anandikhulupirira chifukwa pakhomo pathu wa sukulu ndine.

Ndalama zija zinakhala mu foni masiku 12 osazikhudza. Tsiku la 13 tinakhala pa khonde la golosale ina pa Nsipe pompano, mnzanga wina akusewera kandege. Mukukadziwa nonse, musanamizire kudabwa. Kamanyamuka, nambala n'kumakwera, iwe uyenera kutulutsa ndalama zako kasanathawe. Ndikuona ndi maso angawa, mnzangayo anaika K500 n'kutulutsa K4,000. Mumtima ndinati, "Ndingoyesa kamodzi." Ndinaika K1,000, ndinawina K2,300. Mmene dzuwa limalowa kumapiri uku, mu foni munali mutatsala K140.

Nditafika kunyumba ndinawauza amayi kuti, "Ndalama zija zatayika."

Lero ndikufuna tione mawu amene ndinadziuza masana amenewo, amodziamodzi. Ndaona kuti chala changa sichinkadinda chokha pa foni. Kamawu ka mumtima kankatsogola, chala n'kumabwera pambuyo. Ngati pali chinthu chimodzi choti mupite nacho kunyumba lero, ndi ichi: tisanachite chinthu timayamba tachitcha dzina, ndipo nthawi zambiri dzinalo ndi limene limatisankhira zochita.

Koma tisanafike kumeneko tiyeni tichite kasamu kakang'ono. Musalembe, ingoyankhani mumtima. Kope ndi cholembera, zonse pamodzi ndi K1,100. Kope likuposa cholembera ndi K1,000. Cholembera ndi ndalama zingati? Amene mwati K100 kwezani manja. Eya, pafupifupi tonse. Musachite manyazi, nanenso ndinayankha choncho. Tsopano taonani: cholembera chikakhala K100, kope likhala K1,100, ndiye zonse pamodzi K1,200. Zapitirira, eti? Yankho lake ndi K50, kope K1,050.

K100 ija simunaiwerengere ayi. Inangotulukira yokha, ndipo inamveka yoona. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse.

Aphunzitsi athu akale a Bayoloje atamva zimene zinandichitikira sanandikalipire. Anandibwereka buku lalikulu ngati njerwa, lotchedwa Thinking, Fast and Slow, lolembedwa ndi Daniel Kahneman, lomwe linatuluka mu 2011. Bambo ameneyu anali katswiri wa za maganizo a anthu, koma mu 2002 analandira mphoto ya Nobel ya zachuma, chifukwa kafukufuku amene anachita ndi mnzake Amos Tversky anasonyeza kuti anthufe sitisankha zinthu mowerengera bwinobwino monga mmene mabuku a zachuma ankaganizira. Anamwalira mu Malichi 2024 ali ndi zaka 90. Ndisaname, bukulo sindinalimalize, ndipo pamene ndinawerengapo dikishonale inali pambali. Koma mfundo yake yaikulu ndinaigwira.

Akuti m'mutu mwathu muli ngati anthu awiri. Wina ndi wothamanga. Ndi amene amakudumphitsa ukaona chingwe pa udzu madzulo, usanadziwe n'komwe ngati ndi njoka. Ndi amene amazindikira nkhope ya azakhali ako pakati pa chigulu cha anthu pa msika wa Kampepuza. Ndi amene amakubweza m'mbuyo pa M1 minibasi ikamabwera mothamanga. Popanda iyeyu bwenzi tonse titafa kalekale. Winayo ndi wodekha. Ndi amene amagwira ntchito ukamachulukitsa 38 ndi 27, kapena ukamadzaza fomu yofunsira malo ku yunivesite. Ameneyu ndi wanzeru koma ndi waulesi, satuluka pokhapokha utachita kumuitana. Ndipo ulesi wakewo uli ndi chifukwa. Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti yokha ya thupi lonse, koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu za thupi. Ndiye ukapeza njira yachidule, umadutsa yomweyo.

Makolo athu zimenezi ankazidziwa kale, kungoti iwo maganizo amawaika mumtima. Tamverani mmene timayankhulira: "ndili ndi mitima iwiri," "ugwire mtima," "mtima pansi," "wachita zinthu mopupuluma." Munthu amene akuti "ugwire mtima" akukuuza kuti wothamanga uja umugwire dzanja, wodekha adzuke kaye.

Palinso china chokhudza ifeyo achinyamata. Mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa chipumi, imene imagwira ntchito ngati mabuleki, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atafika zaka za m'ma 25. Ndiye ambirife muno tili ngati njinga yotsetsereka kuchokera ku Tsangano itanyamula matumba a kachewere, mabuleki asanamangidwe bwino. Sindikunena izi kuti tipeze pothawira. Ndikunena kuti wokwera njinga yotero ayenera kudziwa njinga yake, asamayambe liwiro pamwamba pa phiri.

Tsopano tibwerere pa khonde la golosale paja.

Mawu oyamba anali akuti, "Ndingoyesa." Taonani ka "ngo" kali pakatipo. Kakang'ono, koma kagwetsa anthu ambiri. "Ndingolawa." "Tingocheza." "Ndingomuperekeza." "Ndingoona uthenga umodzi kenako ndiwerenge." Ka "ngo" kamachepetsa chinthu mpaka wodekha uja saona chifukwa chodzukira. Pamwamba pake ndinawonjezera kuti, "Sindikutenga, ndikubwereka." Kubwereka kwa ndani? Mwini wake anali kumunda akukonza mizere, sakudziwa kanthu. Ndipo masewerawo sindinawatche dzina limene agogo anga amawatcha. Agogo amati juga. Ife timati kubetcha, ena mpaka amati kuinvesta. Ndikanati ndinene mumtima chiganizo chonse kuti, "Ine ndikutenga ndalama za feteleza wa amayi kukatchovera juga," ndikukuuzani zoona, chala chija sichikanadinda.

Mawu achiwiri anabwera kandege katathawa msanga kasanu motsatizana. Ndinati, "Tsopano ulendo uno kapita patali basi, sikangathawe kachisanu n'chimodzi." Mnzanga uja anavomereza, "Shuwa aise, kali ndi ngongole." Kuganiza kotereku sikunayambe ndi ife. Mu Ogasiti 1913, ku nyumba yotchuka ya juga ya ku Monte Carlo, kampira ka pa gudumu la juga kanagwera pa mtundu wakuda maulendo 26 motsatizana. Anthu anataya chuma chambiri usiku umenewo pobetchera mtundu wofiira, aliyense akuti wofiira wachedwa, ubwera tsopano. Koma gudumu silikumbukira. Ndalama yachitsulo ukaiponya m'mwamba kasanu n'kugwera mbali imodzi, ulendo wachisanu n'chimodzi mwayi udakali theka ndi theka. Ndalamayo ilibe ngongole ndi munthu.

N'chifukwa chiyani timakodwa? Chifukwa ubongo wathu unazolowera kufunafuna dongosolo pa chilichonse, ndipo nthawi zambiri zimatithandiza. Agogo akaona mitambo yadera mbali inayake, mphepo yatembenuka, amati lowetsani ufa, ndipo mvula imabweradi. Kumwamba kuli zizindikiro zenizeni. Koma kandege kalibe mitambo. Manambala aja amene timawayang'anitsitsa ngati tikuwerenga nyengo sanena chilichonse za ulendo wotsatira.

Tiikepo samu ya Fomu 4. Tingoyerekeza kuti masewera anakonzedwa moti pa K100 iliyonse imene anthu onse abetcha, K97 imabwerera kwa osewera, K3 imatsala kwa eni masewera. Zikuoneka zochepa, eti? Koma wosewera saika ndalama kamodzi n'kupita kwawo. Zimene wawina amazibwezeranso momwemo. Ukazunguliza K30,000 yonse maulendo 50, nthawi iliyonse n'kumadulidwa 3 peresenti, chimene ungayembekezere kutsala nacho ndi pafupifupi K6,500. Ndipo pa kandege maulendo 50 ndi masana amodzi okha. Mnzanga wa K4,000 uja tonse tinamuona. Anthu amene analuza tsiku lomwelo sanaike pa sitetasi ya WhatsApp.

Mawu achitatu ndi amene anandimaliza: "Ndingobweza zanga basi, kenako ndisiye." Nthawi imeneyo ndinali nditaluza K11,000. Ndiye kuti mu foni munali mudakali K19,000, yokwana thumba limodzi n'kutsalako ya mchere ndi sopo. Ndikanaima pamenepo bwenzi nkhani ili yaing'ono. Koma maso anga sanali pa K19,000 imene inalipo, anali pa K11,000 imene inapita. Kahneman ndi Tversky anapeza kuti kwa anthu ambiri, kuwawa kotaya ndalama kumaposa pafupifupi kawiri kukoma kopeza ndalama zomwezo. Ndipo munthu akaona kuti ali kale m'dzenje, amalolera kuchita zinthu zoopsa zimene sakanachita ali pamtunda. Ndi mmene zinandikhalira. Ndinayamba ndi K1,000, kenako K3,000, pomaliza ndinaika K7,000 kamodzi. Taonaninso mawuwo: "zanga." Zinakhala zanga liti? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsopano mawu achinayi, amene ndinawauza amayi: "Zatayika."

Chichewa chathu chili ndi njira yokoma yonenera chinthu popanda kutchula wochichita. Mbale yasweka. Chitseko chathyoka. Nsima yapserera. Foni yawonongeka. Minibasi yandisiya. Mayeso anandivuta. Mukumva? M'ziganizo zonsezi munthu sakuoneka, zinthu zikungodzichitikira zokha. Si Chichewa chokha chimene chimatero. Akatswiri awiri, Caitlin Fausey ndi Lera Boroditsky, pa yunivesite ya Stanford ku America, anaonetsa anthu oyankhula Chingerezi ndi oyankhula Chisipanishi mavidiyo a munthu akuswa dzira kapena kuphulitsa baluni, nthawi zina mwadala, nthawi zina mwangozi. Zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Pa zochitika mwangozi, a Chisipanishi ankakonda kunena ngati ife kuti "dzira lasweka," pamene a Chingerezi ankati "uje waswa dzira." Atawafunsa pambuyo pake kuti anaswa uja ndi uti, a Chisipanishi sankamukumbukira bwino ngati mmene ankachitira a Chingerezi. Koma pa zochitika mwadala, magulu onse awiri ankakumbukira mofanana.

Musandimve molakwa. Sindikuti chiyankhulo chathu n'choipa kapena kuti chimatimanga unyolo. Mwana wa zaka zisanu akagwetsa mbale, kunena kuti "mbale yasweka" ndi chifundo, ndi umunthu. Timasunga nako mtendere pakhomo. Vuto limabwera pamene munthu wamkulu wachita chinthu akudziwa, kenako n'kubisala kuseri kwa ka "ka" kameneka. Ndipo choopsa kwambiri n'chakuti sunamiza ena okha. Pofika tsiku lachiwiri ine ndemwe ndinayamba kumva ngati ndagweredwa tsoka, ngati wina wandibera. Munthu amene wagweredwa tsoka alibe choti asinthe. Amangodikira mwayi wina.

Amayi anakhala chete masiku awiri. Lachitatu m'mawa, tikumwa tiyi, anandifunsa modekha kuti, "Bambo, ndalama za mu foni zimatayika bwanji foni ili m'manja mwako?" Ndinayesa kutchula za netiweki, mawu anakanirira pakhosi. Ndinati, "Amayi, sizinatayike. Ndinatchovera juga ndine." Chiganizo chimenecho ndi cholemera kuposa thumba la feteleza, koma kusintha kwanga kunayambira pamenepo.

Mphamvu ya mawu siithera pa juga. Mu 1974, Elizabeth Loftus ndi John Palmer a pa yunivesite ya Washington anaonetsa ophunzira mafilimu a ngozi za galimoto. Kenako anawafunsa liwiro la galimotozo, koma funsolo linasiyana liwu limodzi lokha. Ena anafunsidwa ndi liwu lofanana ndi lathu lakuti "zinakhudzana," ena ndi liwu lofanana ndi lakuti "zinaphwanyana." A "zinakhudzana" anati galimoto zinkathamanga pafupifupi makilomita 51 pa ola, a "zinaphwanyana" anati pafupifupi 65. Filimu yomweyomweyo. Atabwereza ndi gulu lina n'kulifunsa patapita sabata ngati linaona magalasi osweka, amene anamva "zinaphwanyana" ndi amene anachuluka kunena kuti eya, chonsecho mufilimumo munalibe galasi losweka ngakhale limodzi. Liwu limodzi linalowa m'mutu n'kukonzanso zimene maso anaona.

Tsono taganizirani mawu amene timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Sitinena kuti kubera mayeso, timati likasa, kapena kuthandizana. Sitinena kuti chiphuphu, timati ya fanta, kangachepe. Bambo wa zaka 45 amene akuzungulira mtsikana wa Fomu 2, agogo amamutcha chidyamakanda, ife timati blesa, ngati kuti akubweretsa madalitso. Katapila tikamutcha "kathandizo ka mwezi uno" sitiwerengeranso kuti pobweza tibweza zingati. Mayina ofewawa ali ngati shuga wokutira mankhwala, kungoti mkati mwake nthawi zina simukhala mankhwala.

Palinso mayina amene amagwira ntchito mosiyana ndi amenewa. M'malo mofewetsa, amayatsa moto. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017, ambirife tili ku pulayimale, mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika ku Blantyre. Anthu anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena a kummwera. Umboni woti pali munthu amene anapopedwadi magazi sunapezeke. Koma taonani mmene zinkayendera. Munthu wachilendo akangolozedwa chala kuti "namapopa uyo," ankasiya kukhala mwana wa munthu. Palibe amene ankafunsa kuti kwanu n'kuti, mukupita kuti. Dzina linali litagamula kale mlandu.

Ifenso kuno tikudziwa mmene mtima wowawa umathamangira. Mu Juni 2024 dziko lonse linakhamukira kuno ku Nsipe kudzaika m'manda malemu Dr Saulos Chilima. Sindilowa ndale, si malo ake ano. Ndikungokumbutsa mmene mafoni athu anadzazira mavoyisi masiku amenewo, aliyense akuti wamva kwa munthu wodalirika. Ine ndinatumiza voyisi ina ku magulu atatu ndisanaimvere mpaka kumapeto, chifukwa chiyambi chake chinagwirizana ndi zimene mtima wanga unkamva. Mpaka lero sindidziwa amene anajambula. Munthu ukakhala ndi chisoni kapena mkwiyo, wothamanga uja ndi amene amagwira chiwongolero, ndipo safunsa kuti "wanena ndani?" Amangofunsa kuti "zikugwirizana ndi mmene ndikumvera?"

Mwina wina akuti, ndiye kuti ife osauka ndife osaganiza? Ayi. Tamverani izi. Mu 2013 magazini ya sayansi yotchedwa Science inatulutsa kafukufuku wa Anandi Mani, Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi Jiaying Zhao. Anayesa alimi a nzimbe oposa 400 ku Tamil Nadu, m'dziko la India, ndi timayeso toona mmene munthu akuganizira. Anawayesa kawiri: asanakolole, matumba ali mbee, komanso atakolola n'kulandira ndalama zawo. Alimi omwewo anakhoza bwino atakolola kuposa asanakolole. Mutu ndi womwewo, munthu ndi yemweyo. Chinasintha n'chakuti nkhawa ya ndalama inali itachoka. Nkhawa imadya malo m'mutu ngati mmene mavidiyo amadzazira foni mpaka kuyamba kuzizira. Ife tikudziwa mmene Januwale ndi Febuluwale amakhalira kuno, ufa ukatha m'nyumba, fizi ikufunika, chimanga chikadali chiwisi kumunda. Imeneyo ndi nthawi imene munthu amagulitsa mbuzi pa mtengo wolira, kutenga katapila, kapena kukhulupirira uthenga wa pa foni woti wawina mphoto ya mpikisano umene sanalowe n'komwe. Si uchitsiru, ndi mutu wodzaza. Koma podziwa zimenezi tiyenera kuchenjera kuti zosankha zikuluzikulu tisamazisiyire nthawi imene mutu wadzaza.

Nanga titani? Ine si mlangizi, ndingokuuzani zinayi zimene zandithandiza.

Choyamba, chinthu chitchule dzina lake lenileni, mokweza, ndipo chiganizocho chiyambe ndi "ine." Osati "ndingoyesa," koma "ine ndikuika K5,000 ya fizi pa juga." Osati "zangochitika," koma "ine ndapita kwa uje usiku ndikudziwa chimene chikachitike." Ngati chiganizocho ukulephera kuchinena pamaso pa amayi ako kapena agogo ako, wodekha uja wadzuka kale, mumvere.

Chachiwiri, gona kaye. Chilichonse chimene chikukukakamiza kuti usankhe pompano, "mwayi utha lero," "tumizani msanga nambala yachinsinsi," "ukandikonda uvomera panopa," chikufuna kuti wodekha asapeze nthawi yodzuka. Chinthu chabwino sichiola usiku umodzi. Voyisi imene yakupsetsa mtima, imvere mpaka kumapeto, funsa kuti wajambula ndani, ndipo ngati ikufunikadi kutumiza udzatumiza mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu, manga chosankha chako nthawi imene mutu uli bwino. Ku Busia, kumadzulo kwa Kenya, Esther Duflo, Michael Kremer ndi Jonathan Robinson anapeza kuti alimi ambiri ankanena kuti chaka chamawa athira feteleza, koma nthawi yodzala ikafika ndalama zinali zitapita kwina. Atawapatsa mwayi wolipiriratu feteleza atangokolola kumene, n'kudzawabweretsera pakhomo mwaulere, alimi othira feteleza anachuluka. Duflo ndi Kremer anadzalandira nawo mphoto ya Nobel mu 2019. Koma kunena zoona amayi athu a banki m'khonde nzeru imeneyi ali nayo kale. Bokosi lija limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana. Sikuti amaganizirana kuba ayi. Amadziwa kuti munthu aliyense ali ndi tsiku limene mtima umamuthamangira. Amayi anga anachita bwino kuchotsa ndalama m'nyumba, analakwitsa pongoziika pa loko mmodzi, ndipo loko wake ndinali ine. Panopa ndalama yanga ya ganyu ikapitirira K10,000 ndimakaisungitsa kwa achemwali anga, ndipo tinagwirizana kuti ndikaifuna ndinene chifukwa chake, n'kudikira mpaka mawa. Akaunti ya kandege ndinatseka tsiku lomwe ndinaulula lija, mtima ukadali wowawa, chifukwa ndinkadziwa kuti pakapita sabata ka "ngo" kabweranso.

Chachinayi, khala ndi mnzako amene angakuuze kuti "aise, ukudzinamiza." Zolakwa za m'maganizo zili ngati chinthu chokumata kumsana, mnzako amachiona msanga kuposa iwe mwini. Tsiku lija pa khonde panali anthu anayi. Akanapezeka mmodzi yekha wondifunsa kuti "kodi ndalama zimenezi n'zandani?" mwina bwenzi lero ndikuyankhula za mutu wina. Wakutsina khutu ndi mnansi. Kalabu yathuyi ikhale malo otero, osati ongosewera mpira ndi kujambulitsa zithunzi za pa Facebook.

Mwina mukufuna kudziwa kuti nkhani ya feteleza inatha bwanji. Ndinagwira ganyu youmba njerwa ndi kukweza matumba a kabichi m'malole kwa masabata atatu. Ndinapeza K15,000, tinaombola thumba limodzi lokha. Amayi anathira mbali ya kumtunda kwa munda, ya kumunsi inatsala. Pofika Febuluwale munda unali ndi mitundu iwiri, kumtunda kobiriwira, kumunsi kwachikasu, mapesi owonda ngati bango. Tsiku lina tikupalira, amayi anaima pamalire a mitundu iwiriyo n'kuloza ndi khasu, amvekere, "Bambo, kandege kako kaja kanatera apa." Anaseka, inenso ndinaseka, koma chaka chimenecho ufa unatha msanga pakhomo pathu, ndipo amene anachepetsa nsima si ine ndekha. Azing'ono anga awiri, amene kandege sakadziwa n'komwe, analipira nawo.

N'chifukwa chake ndavomera kuima pano n'kudzichotsa ulemu. Ndikudziwa kuti muno muli ena amene ali ndi ndalama za eni mu foni panopa, za fizi, za mbewu, za mankhwala a agogo. Muli ena amene akunyengereredwa ndi mawu okoma, ena ali ndi voyisi imene akufuna kutumiza tikangotuluka muno. Sindikuuzani chochita. Ndikungopempha kuti musanadinde, mumvetsere kaye kamawu kamene kakuyankhula mumtimamo, ndipo mukafunse ngati dzina limene kakutchulalo ndi loona.

A tcheya, ndili ndi pempho limodzi. Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi liwu limodzi limene amadzinamiza nalo, alilembe pa kapepala popanda dzina lake, tiponye mu chipewa. Tidzawerenge limodzi n'kupeza dzina lenileni la chilichonse. Langa ndaponya kale, ndi lija lakuti "zatayika."

 Ngati pali mafunso ndiyankha amene ndingathe, ovutawo a patironi andithandiza.